Bedi Limodzi Kutsidya kwa Mtsinje

1

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi timakamwera khofi kwa makolo. Mwambowu tinachoka nawo kumudzi, ndipo ngakhale titasamukira mumzinda wa Zwolle sunathe. Lamulungu limene ndikufuna kukusimbirani tinalipo tonse. Bambo anga a Lammert anali pampando wawo wa pazenera, Amayi a Jennigje pambali pawo. Ine Dinie ndinali ndi mwamuna wanga Roelof. Achimwene anga a Egbert ndi akazi awo a Wilma analawirira kuchokera ku Rotterdam. Achimwenewo sabwerabwera. Ukawaona pakhomo ndiye kuti kuli maliro, ubatizo kapena pepala lofuna kusaina.

Maliro kunalibe, koma tonse tinkayankhula chapansipansi ngati alipo. M'mawa mwake Amayi ankapita kukakhala kunyumba yosungirako okalamba, kutsidya kwa mtsinje. Ankapita okha. Bambo, amene anagona nawo bedi limodzi kuyambira ndevu zisanawamere bwino, ankatsala.

Amayi anazungulitsa chitini cha mabisiketi, aliyense imodzi, n'kutseka chivindikiro monga achitira moyo wawo wonse. Tisanamalize kutafuna anachitsegulanso, n'kuyamba kuzungulitsa kachiwiri.

"Matendawa ali ndi ubwino wake," anatero achimwene akutola ina. "Ndakula mpaka imvi, bisiketi yachiwiri m'nyumba ya Amayi ndikuilawa lero."

"Idya msanga asanakumbukire," anayankha Bambo.

Patebulo la pakona panali mulu wa zovala za Amayi ndi tinsalu tolembedwa dzina lawo. Kutsidyako amachapa zovala za anthu onse pamodzi, choncho chovala chilichonse chimafunika kusokerera dzina. Alamu anga a Wilma anatulutsa singano m'chikwama kuti athandizeko.

"Lero n'Lamulungu, Wilma," anatero Bambo.

"Koma apongozi, Mulungu angakwiye chifukwa cha sokosi?"

"Sindinamufunse. Bweza singanoyo."

Roelof anati ndikamadzasoka ndidzamusokerere nayenso dzina pakolala, mwina ndingamakumbukire kuti kunyumba ndinasiya mwamuna. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, ngakhale nthabwalayo inali ndi minga. Kwathu ndinkangopita kukagona. Moyo wanga wonse unali m'nyumba ya makolo.

Kenako Amayi anaona sutikesi imene inali kuseri kwa chitseko, n'kufunsa kuti ndi ya ndani. Bambo anati ndi ya alendo. Amayi anafuna kudzuka kuti akawayalire alendowo pogona, koma Bambo anawagwira dzanja mofatsa mpaka anakhalanso.

Za ulendowu Amayi sankadziwa. Tinayesapo kuwauza kamodzi. Analira masana onse, kenako anaiwala chimene ankalirira koma kulirako osasiya. Bambo anatiletsa kubwereza.

Achimwene anaika kapu pansi n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Ndinadziwa kuti sanayendere khofi mtunda wonsewo. Anabwera ndi funso limodzi: ndani anakanena za Amayi kukhonsolo?

2

Makolo anga ndi anthu akumudzi. Bambo ankakama ng'ombe za eni kufupi ndi mudzi wa Dalfsen, ndipo nyumba imene tinakuliramo inali ya mwini famu. Famuyo itagulitsidwa, nyumba inapita nayo. Ndiye anabwera mumzinda kudzachita lendi m'nyumba yosanja, pafupi ndi ine. Anabwera ndi kabati, Baibulo, wotchi yapakhoma ndi ulemu wawo. Chogulitsa analibe.

Amayi anayamba kuiwala pang'onopang'ono, ngati mmene madzi amalowera m'busa nyengo ya chisanu. Lero anyowetsa pakona, mawa pakona pena, tsiku lina udzuka upeza ng'ombe zilibe poponda. Poyamba anali makiyi m'firiji. Kenako njira yochokera kogula buledi. Kenako anayatsa chitofu n'kupita kukagona.

Bambo anabisa. Kwathu munthu sadandaula pagulu. Akakufunsa kuti uli bwanji umati zikuyenda, ngakhale mwendo uli m'manja. Anaphunzira kuphika, kuchapa, ngakhale kumanga tsitsi la Amayi kumbuyo ndi manja okama ng'ombe aja. Kutchalitchi ankawanong'oneza Amayi mayina a anthu eni akewo asanafike pafupi. Madikoni atabwera kudzafunsa ngati pali chosowa, anawamwetsa khofi n'kuwapatsanso kangachepe ka m'thumba la osauka.

Musaganize kuti zonse zinali misozi. M'mawa Amayi ankakhala Amayi. Tsiku lopanda ntchito ndinkawapeza akupaka batala pabuledi wa Bambo mpaka m'mbali, monga Bambo amakondera, akuwanena kuti ameta ngati mbuzi yadya udzu pachibwano. Bambo ankaseka chifuwa chonse. Maola a m'mawa amenewo ndiwo anali malipiro awo, ndipo sankafuna ena.

Zimene Bambo sakanatha ndinkachita ndine. Ndimagulitsa buledi m'sitolo kuyambira m'bandakucha mpaka masana. Ndikaweruka ndinkapalasa njinga kupita kwa makolo, kukaona mankhwala, kukakolopa, ndi kukawasambitsa Amayi. Pa kusamba sankalola munthu wina aliyense kuwakhudza, ngakhale Bambo. Ine ndekha basi. Roelof anazolowera kudya yekha. Tsiku lina ndinagona tulo nditaima pamzere wogula mankhwala, ndipo mayi wa kumbuyo kwanga ndiye anandigwira.

Apo ndinayamba kufufuza malo. Kunja kwa mzinda kuli nyumba ya eni, yokongola, ya munda wa maluwa. Mwamuna ndi mkazi amapatsidwa zipinda zawo, chakudya chophikaphika, ndi namwino wobwera ukangodina belu. Mayi wondilandira anandipatsa khofi m'kapu yopyapyala n'kutchula mtengo wa pamwezi mwaulemu kwambiri. Penshoni ya Bambo ndi ya Amayi mutaziphatikiza, n'kuwonjezerapo malipiro anga onse, sizikanafikabe. Anandifunsa ngati makolo ali ndi nyumba yoti agulitse, poti ambiri amatero. Khofiyo ndinamaliza chifukwa kusiya n'kupanda ulemu.

Kunatsala za boma. Kumeneko sakulipiritsa mokupha, amadula kupenshoni molingana ndi zimene uli nazo. Koma sulandira chifukwa wapempha. Amayamba abwera kaye kudzakhala nawe patebulo la kukhitchini kwako, aone ndi maso awo ngati walepheradi.

3

Ndinaimba kukhonsolo, anandipatsa ofesi ina, ofesiyo inandibwezera yoyamba ija, mpaka tsiku linapezeka. Ndinkafuna zochepa: munthu wodzakolopa, ndi malo kumene Amayi angamakakhale masana ena ndi anzawo kuti Bambo apumeko. Ndinawachonderera Bambo kuti tsiku limenelo asakonze kalikonse. Munthuyo adzapeze mbale zili mbwee, adzaone Amayi mmene alili.

Nditafika m'mawa ndinapeza mazenera akuwala. Patebulo anayala nsalu yoyera ya pa Khirisimasi, pakati pali keke ya maapozi. Bambo anali m'suti ya kutchalitchi, mabatani a m'mikono atamanga ngakhale kunali kotentha. Amayi anali atavala mkanda wawo. Mlungu wonse Bambo anali akuwaphunzitsa ngati mwana wa kalasi ya katekisimu: dzina, zaka, msewu, mayina a zidzukulu. Kalendala anaichotsa pamalo pake n'kuipachika kumbuyo kwa mpando wa mlendo.

"Bambo, mwachita chiyani?"

"Munthu wa boma adzatipeze ngati nkhumba? Tinasauka, koma uve ayi."

Anabwera mtsikana wamtali, wa nkhope yabwino, pa njinga, kompyuta ili m'chikwama. Anafunsa Amayi kuti lero n'lachingati. Amayi anayang'ana pamwamba pa mutu wake n'kuyankha molondola. Anafunsa amene amaphika m'nyumbamo.

"Ine," anatero Amayi. "Mwamuna angaphike chiyani, madzi?"

Mtsikanayo anaseka n'kulemba. Amayi akayamba kusochera, Bambo ankakhosomola n'kulowetsapo nkhani ya ng'ombe ina imene inkakana kukamidwa ndi munthu wosaimba. Atafunsidwa ngati pali chowavuta, anati bondo mvula ikamabwera, basi. Ine ndikati nditsegule pakamwa ankandiponda phazi pansi pa tebulo n'kundiikira keke ina.

Pomaliza mtsikanayo anatseka kompyuta. Anati zikanakhala bwino okalamba onse a mumzinda muno akanakhala ngati iwo. Thandizo sanaone chifukwa choliperekera, poti mphamvu zilipo ndipo mwana ali pafupi. Anatsazika. Bambo anavula jekete akumwetulira ngati apambana mlandu. Ine ndinatenga thumba la zinyalala n'kutsika nalo.

Sipanapite nthawi yaitali, kunabwera anthu ena awiri, dokotala wa okalamba ndi namwino. Anasankha kubwera dzuwa litapendeka, nthawi imene mutu wa Amayi umasokonekera kwambiri. Alendowo anapempha Bambo kuti akadikire pakhonde. Popanda wokhosomola, Amayi sanadziwe chaka, sanadziwe mzinda, ndipo anati mayi awo, amene anamwalira ine ndisanabadwe, akubwera kudzawatenga.

Yankho linabwera loti Amayi akufunika kuyang'aniridwa usana ndi usiku, kumbali ya zitseko zokhoma. Bambo ali bwino, anadzionetsa okha patebulo paja. Lamulo limalola kuti mwamuna atsatire mkazi wake malo akakhalapo, koma zipinda za anthu awiri kutsidyako n'zowerengeka ndipo muli anthu. Kuti china chipezeke, wina afe kaye. Timanyumba ta lendi tomangidwa m'mbali mwake tili ndi mzere wa zaka.

"Ndilembeni," anatero Bambo kwa mayi wa paofesi. "Nthawi yanga ikadzakwana mudzagogode pamanda."

Bedi limodzi litapezeka anatipatsa masiku ochepa oti tivomere. Bambo anafuna kukana. Dokotala ananena mosabisa kuti zafika poti tikakana nkhaniyo ikhoza kupita kukhoti. Bambo amaopa khoti kuposa moto. Anasaina.

Aliyense ankaona kuti anthu awiri aja sanabwere okha. Mtsikana wa njinga anachoka wokhutira. Ndiye kuti wina anakanena chinthu chimene keke sinathe kubisa.

4

Lamulungu lija titamwa khofi tinadya supu yophika dzulo lake, Bambo n'kuwerenga salimo monga mwa masiku onse. Atangotseka Baibulo achimwene anayamba.

Anayamba ndi ndalama. Anati iwo akapereka gawo, ifenso gawo, makolo akhoza kulowa m'nyumba ya maluwa ija, mwina chaka chimodzi. Roelof anafunsa kuti chakacho chikatha tidzawagoneka kuti, m'galimoto? Anati msana unamuchotsa kale pantchito yonyamula n'kumusiya pa ina ya malipiro ochepa, ndipo gawo limene akulinenalo ndi denga lathu. Alamu anga anati nawonso ana ali pasukulu, nyumba ndi ya ngongole, anthu asamaone galimoto n'kuganiza kuti ku Rotterdam ndalama zimamera m'miphika ya maluwa. Palibe amene ankanama. Chimenecho ndicho chinkapweteka.

Ndalama zitakanika, mkwiyo unafuna pogwera.

"Ndi mayi Bouwhuis," anatero achimwene akuloza khoma. Mayi Bouwhuis ndi mayi wamasiye wa khomo loyandikana. "Khutu lawo linamera pakhoma ili. Amva mphika wagwa, athamangira foni. Anthu akhala pabanja moyo wawo wonse, iwo awalekanitsa chifukwa cha phokoso."

Ndinati mayiwo ndi amene anawapeza Amayi atasochera pamlatho n'kuwabweretsa kunyumba.

"Umboni wake ndi umenewo. Iwe Dinie umakhala muno tsiku ndi tsiku, sukudziwa amene anachita? Kapena maso ako amangoona mbale?"

"Mbalezo akanatsuka ndani, achimwene? Foni yanu ya Loweruka?"

Anaimirira, nkhope ili psuu. Anati akukagogoda, akawauze mayiwo pamaso kuti mawa adzaime pazenera aone ntchito ya pakamwa pawo. Alamu anawakoka jekete koma anaphonyoka. Anali atagwira kale chitseko.

"Khala pansi, Egbert," anatero Bambo. Sanakweze mawu. "Usiye mayi wa eni. Ndine ndinawaitana."

Achimwene anasiya chitseko n'kutembenuka.

"Inu? Si inu munavala suti n'kugula keke?"

"Ndinavala. Atapita ndinaganiza bwino. Ndatopa, mwana wanga. Munthu amatopa."

Achimwene anawayang'ana Bambo ngati akuona munthu wachilendo. Anati ndiye kuti Amayi akuchoka mawa chifukwa Bambo akufuna tulo tabwino. Anati ayenda ulendo wonsewu kudzasaka wakuba, chikhalirecho mwini wake ndiye anatsegula khola.

Tonse tinaiwala kuti Amayi ali pomwepo. Matendawa ali ngati nkhungu ya m'mawa. Nthawi zina imang'ambika, dziko lonse n'kuoneka bwinobwino. Inang'ambika nthawi imeneyo.

"Sutikesi ija ndi yanga," anatero Amayi pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa Bambo. "Lammert. Watopa nane?"

Bambo anatambasula dzanja. Amayi anabweza lawo n'kuliika pamiyendo. Kenako anadzuka, analowa kuchipinda chogona n'kutseka chitseko, osachimenyetsa.

Achimwene ndi akazi awo ananyamuka dzuwa likadali pamwamba. Analowa kukapsompsona Amayi. Kwa Bambo sanatsazike.

5

Owerenga, apa ndi pamene ndakhala ndikuzungulira ngati galu pakhomo la eni.

Thumba la zinyalala lija sindinafike nalo kubini. Ndinamupeza mtsikana wa kukhonsolo akumasula loko wa njinga, ndipo ndinagwira handulo kuti asapite. Ndinamuuza za kalendala, za kukhosomola, za chitofu. Ankamvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti zoterezi amazimva tsiku lililonse kwa ana otopa. Ndiye ndinamuuza chimene ndinalonjeza Bambo kuti sindidzauza munthu, ngakhale Roelof.

Dzuwa likamalowa Amayi sawadziwa Bambo. Amaona mwamuna wachilendo m'nyumba mwawo, ndipo amachita zimene mkazi aliyense wakumudzi angachite. Amamenya. Ndi chipande, ndi ndodo ya tsache, tsiku lina ndi simbi. Bambo sathawa, poopa kuti akatuluka Amayi adzipweteka. Amangophimba mutu ndi mikono n'kumaimba salimo mpaka Amayi atazindikira mawuwo. Mabatani a m'mikono aja ankabisa zimenezo. Ndinaziona mwangozi tsiku lina nditawapeza akusamba m'manja: mabala akuda ndi achikasu kuyambira padzanja mpaka pachigongono, ena atsopano pamwamba pa akale.

Nkhope ya mtsikanayo inasintha. Anatsegulanso kompyuta pachishalo cha njinga.

Ine ndinkaganiza kuti ndikanena zoona awatenga onse awiri. Mutu wanga wakumudzi unkati mwamuna ndi mkazi ndi ng'ombe za goli limodzi, sutenga imodzi n'kusiya inzake. Sindinadziwe kuti boma limayeza munthu payekhapayekha. Chinanso ndinachimva pambuyo pake kwa dokotala uja, atandiitanira pambali. Anati popeza zalembedwa kuti pali kumenya, ngakhale chipinda cha anthu awiri chitapezeka mawa, sangawaikemo limodzi. Bambo akudikira mzere umene ine ndinawachotsapo kale.

Achimwene atapita, Roelof anatsika kukandidikira m'galimoto. Ine ndinkatsuka mbale, Bambo akupukuta.

"Munanama, Bambo."

"Pa Lamulungu," anavomera. "Singano ndakaniza, bodza ndanena. Akandifunsa kumwamba."

"Ndine ndinanena."

"Ndikudziwa. Zenera ili limaona poimika njinga. Unaima pamenepo thumba lili m'manja mpaka ndinaganiza kuti ukumugulitsa zinyalala."

Ndinasiya kutsuka. Miyezi yonseyi ankadziwa, ndipo ankandilandira pakhomo tsiku ndi tsiku, kundifunsa ngati ndadya. Ndinati ndikulowa kuchipinda kukawauza Amayi zoona, kenako ndiimbira achimwene asanafike kwawo. Bambo anaima pakhomo la khitchini, nsalu yopukutira mbale ili paphewa.

"Tamvera, Dinie. Mayi ako amalola ndani kuwavula malaya?"

"Ine."

"Kutsidya kuja kuli manja achilendo okhaokha. Akakuda iwe, atsala ndi ndani? Ine andide. Madzulo amandida kale, ndinazolowera. Egbert naye akakwiyira ine adzabwerabe kudzaona mayi ake. Akakwiyira iwe, ine ndikadzafa mudzakhala ngati simunabadwe mimba imodzi."

Ndinafunsa ngati andikhululukira. Anapukuta mbale imodzi nthawi yaitali, youma kale.

"Unaona magazi a bambo ako, unakuwa. Mwana amatero. Koma ukanandifunsa, ndikanakuuza kuti bola andimenye Jennigje madzulo alionse kusiyana n'kudzuka m'mawa pabedi pali ine ndekha." Anaika mbaleyo m'kabati. "Sunandifunse."

Kuchipinda sindinalowe. Foni sindinaimbe. Ndinaumitsa manja, ndinavala jasi, n'kutsika kwa mwamuna wanga.

6

Ndinkayembekeza kuti pofika Lolemba m'mawa Amayi adzakhala ataiwala. Munthu amene amaiwala kuti wadya kale angasunge bwanji mawu a dzulo? Anaiwaladi kuti achimwene anabwera. Anaiwala kuti pali ulendo. Koma Bambo atabwera ndi chipeso kuti awamange tsitsi, anapotoza mutu. Buledi anapaka wawo yekha. Ndinawapesa ndine.

Roelof anatiwolotsa mlatho pagalimoto. Malowo ndi aukhondo, sindinganame. Namwino anatilandira ndi nkhope yowala, anadina manambala kuti chitseko chitseguke, n'kufunsa Amayi ngati khofi amamwa wa mkaka. Chipinda chinali ndi bedi, mpando ndi zenera loona poimika magalimoto. Amayi anagwira mkono wanga mwamphamvu. Bambo anali kumbuyo ndi sutikesi.

"Ika pomwepo," anatero Amayi osawayang'ana. "Pita ukapume."

Bambo anaika. Anavula chipewa, kenako anabwerera kukandidikira pabenchi ya kunja. Namwino anandinong'oneza kuti masiku oyamba ndi bwino achibale asamakhalitse. Ndinawaonetsa Amayi kabati ndi bafa, ndinawalonjeza kuti mawa ndibwera kudzawasambitsa. Anandisisita tsaya n'kunena kuti ndine mwana wabwino, sindingawataye.

Inu amene mukuwerenga, mayina ndasintha, koma achimwene akadzaipeza nkhaniyi adzadziwa. Mwina n'chifukwa chake ndalemba, popeza Bambo ananditseka pakamwa. Musandifunse ngati ndinalakwa. Ndikanakhala chete, tsiku lina simbi ija ikanagwera pamutu. Nditanena, ndinalekanitsa anthu amene umphawi womwe unalephera kuwalekanitsa. Anthu a ndalama safunsidwa funso limeneli. Amagulitsa nyumba n'kukakalamba limodzi pakati pa maluwa. Ife amene makolo athu anakama ng'ombe za eni timasankha pakati pa mabala ndi bedi lozizira, ndipo kulikonse kumene ungaloze kuli munthu wako akulira. Nzeru ndilibe zoti ndikupatseni. Chimodzi chokha: musanathamangire munthu wa boma, khalani kaye pansi ndi mwini mabalawo. Mwina simusintha kanthu. Koma adzakhala atafunsidwa.

Tinabwerera kunyumba nthawi ya nkhomaliro itayandikira. Roelof anapita kuntchito. Bambo anapachika chipewa, anavala epuloni, n'kukoka dengu la mbatatesi pansi pa sinki, poti kwathu chakudya chotentha timadya masana, ndipo Lolemba ndi Lolemba basi. Anatola zodzaza manja n'kuziika pathabwa. Kenako anaima, mpeni uli m'manja.

"Dinie, munthu mmodzi amadya mbatatesi zingati?"

Ndinati ziwiri zikwana zikakhala zazikulu.

Anasankha ziwiri n'kubweza zinazo m'dengu. Anatenga mphika wa masiku onse, anaona kuti wakula, n'kugwada kufufuza waung'ono m'kabati. M'nyumbamo munalibe. Anasenda ziwirizo mosamala, anaziponya mumphika waukuluwo, n'kuthira madzi.